KODI NKOYENERA KUIKA MTENGO PA MWANA?

Anthu a m'midzi ya ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke, pamodzi ndi abale ao a ku Malawi, aidziwa bwino njira ya ku migodi ya mkuwa. Kuyambira m'zaka za 1930, pamene migodi ya ku Luanshya, ku Nkana ndi ku Mufulira inayamba kuturutsa mkuwa, amuna ambiri anasiya makasu ao napita kukalembedwa nchito. Ena anabwerako ndi njinga ndi makina osokera, ena anabwerako ndi cifuwa ca pfumbi la pansi, ndipo ena sanabwerenso, anasanduka machona. Cotero midzi inaphunzira kale kufunsa za munthu wolemba anthu: acokera kuti, afuna ciani, ndipo adzawabweza liti amene awatenga.

Masiku ano kwabuka wolemba anthu wa mtundu wina. Iye aima m'mbali mwa bwalo la mpira ku Wusakile m'Kitwe, kapena ku Chifubu m'Ndola, nayang'anitsa miyendo ya anyamata a zaka 14 ndi 15. Akaona wina waliwiro ndi wocenjera, afunsa kwao kwa mwanayo, nafika kwa amai ace ali ndi pepala m'manja ndi mbiri ya ku Ulaya pakamwa. Ena a anyamata amenewa ndiwo zidzukulu za amuna aja anacoka kumidzi kalelo, ndipo malume ao akali kulima kumudzi. Cifukwa cace funso ili likhudza a kumudzi omwe: kodi nkoyenera kuti anthu akuru aike mtengo pa mwana wosakhwima, napangane za moyo wace iye akali wamng'ono?

KUMENE MALONDAWA ANAKULA KOPOSA

Kuti nkhaniyi imveke bwino, kuyenera kuyang'ana poyamba kumene malonda otere akhala nthawi yaitali. Ku America kuli masewera ochedwa baseball, m'mene wina aponya kampira kolimba, mnzace nakamenya ndi cibonga, nathamanga kuzungulira bwalo. Magulu akuru a masewerawa alipo 30, ndipo ali ndi cuma cambiri. Mnyamata wa m'dziko la America lomwelo salembedwa kufikira atatsiriza sukulu yace ya sekondale. Koma mnyamata wa ku Dominican Republic kapena ku Venezuela akhoza kulembedwa akangokwana zaka 16. Malire a zaka amenewa anaikidwa atacita manyazi eni masewera, pakuti m'caka ca 1984 gulu la Toronto Blue Jays linalemba mwana wa zaka 13, dzina lace Jimy Kelly. Mwanayo sanafike konse m'magulu akuruwo.

Dziko la Dominican Republic liri pa cisumbu, ndipo mudzi wace wochuka pa masewerawa, San Pedro de Macorís, unakula ndi zigayo za nzimbe monga Kitwe anakula ndi mkuwa. Eni zigayo anali ndi magulu a masewera a anchito ao, monga eni migodi anali nao. Gulu la Los Angeles Dodgers linamanga sukulu yace ya masewera m'dzikomo m'caka ca 1987, ndipo tsopano magulu onse 30 ali ndi sukulu zao komweko. Pakati pa magulu ndi makolo pali anthu ochedwa buscones, ndiko kunena ofunafuna. Iwo atenga mwana wa zaka 12 kapena 13, namsunga, namdyetsa, namphunzitsa kuponya ndi kumenya kampira tsiku ndi tsiku. Ndipo ana ambiri otere aleka sukulu. Tsiku lolembedwa, limene kale linali 2 July koma kuyambira caka ca 2021 ndilo 15 January, mnyamata alandira ndalama zolowera, ndipo wofunafuna uja atengako gawo lace, kawirikawiri limodzi la magawo atatu kapena kuposerapo.

Popeza lamulo liletsa kulemba mwana asanakwane zaka 16, magulu apangana naye pakamwa pokha akali ndi zaka 13 kapena 14. Banja likamva lonjezo la ndalama zambiri, likongola, lidyeratu za m'tsogolo. Koma mwana akapanda kutalika monga anayembekeza, kapena mkono wace ukabvulala, gulu lingobweza mau ace, popeza palibe cinalembedwa. Ndipo mangawa atsala pakhomo. Ngakhale mwa iwo amene alembedwadi, pa anyamata 100 osakwana 10 ndiwo afika m'magulu akuru. Otsalawo amasulidwa patapita zaka ziwiri kapena zitatu, nabwerera kwao opanda maphunziro ndi opanda nchito ya manja.

MPIRA WA KU MIGODI

Ku Kitwe ndi ku Ndola masewera a anthu ndiwo mpira wa miyendo, koma mwambo wa malonda uli womwewo, ndipo njira ziwirizi zinakomanapo kale. M'zaka za 1967 ndi 1968 gulu la mpira la Atlanta Chiefs, limene eni ace anali a gulu la baseball la Atlanta Braves, linatenga amuna a ku Zambia: Emment Kapengwe wa ku Kitwe United, Freddie Mwila wa ku Rhokana United, imene tsopano ichedwa Nkana, ndi Howard Mwikuta wa ku Kabwe. Gululo linapambana onse a ku America m'caka ca 1968. M'caka ca 1969 Kapengwe ndi Mwila anapita ku Aston Villa m'dziko la England, koma anasewerako kowerengeka, nabwerera. Mwila anadzakhala mphunzitsi wa mpira ku Power Dynamos ya ku Kitwe, ndiponso wa gulu la dziko lonse. Kalusha Bwalya wa ku Mufulira anapita ku Cercle Brugge m'dziko la Belgium m'caka ca 1985, ndipo m'caka ca 1988 anasankhidwa kukhala wopambana osewera onse a mu Africa.

Cimene ciyenera kuzindikirika pa amuna onsewa ndi ici: anacoka atapyola zaka 20, atadziwika kale kwao, okhoza kuwerenga pepala ndi kukana. Ndiponso magulu a ku migodi masiku amenewo anali ndi mwambo wakuti wosewera mpira akhale ndi nchito pa mgodi kapena pa kampani. Moyo wa m'komboni sunali wa mtendere. Malipiro a anthu akuda anali ocepa, ndipo anchito ananyanyala nchito m'caka ca 1935 ndi ca 1940, ena naphedwa ndi mfuti. Komabe wosewera wothyoka mwendo anali nako kogwira. Pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, kugulitsa kumene kunatha m'caka ca 2000, magulu ambiri anasowa owathandiza, ndipo amuna ambiri anacotsedwa nchito. Pamenepo mwana waluso anayamba kuoneka ngati nkhokwe ya banja lonse, ndipo anthu oyenda ndi mapepala anacuruka.

Lamulo liripo. Kuyambira caka ca 2001 bungwe la FIFA, loyang'anira mpira pa dziko lonse lapansi, liletsa kusamutsa wosewera kunka ku dziko lina asanakwane zaka 18, kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga pamene makolo ace asamuka pa zao zina. Magulu akuru analangidwapo pa mlandu umenewu, Barcelona m'caka ca 2014 ndi Chelsea m'caka ca 2019. Koma lamulo silifika pali ponse. M'caka ca 2015 kunamveka za anyamata a ku Liberia, ena a zaka 14, amene anatengedwa kunka kutali ku dziko la Laos ndi malonjezo a sukulu ya mpira, nakagona pansi m'bwalo la masewera osalandira malipiro.

ZIMENE OBVOMEREZA ANENA

Munthu wofuna kuweruza molungama ayenera kumva mbali zonse, ndipo obvomereza malondawa ali ndi mau olemera. Anena kuti m'mera mpoyamba: luso la thupi liphunziridwa paubwana, ndipo mnyamata woyamba ali ndi zaka 20 wayamba dzuwa litapendeka. Anenanso kuti munthu amene wadyetsa mwana wa eni zaka zinai, namgulira nsapato, namtengera ku cipatala, ayenera kulandira mphotho yace. Ndipo aloza kwa iwo amene anapambana. M'caka ca 2017 anyamata a ku Zambia osapyola zaka 20 anagonjetsa maiko onse a mu Africa pa masewera amene anacitikira ku Lusaka ndi ku Ndola. Caka comweco Patson Daka, amene anasewerapo ku Power Dynamos, ndi Enock Mwepu, amene anakulira ku Chambishi, anapita ku Salzburg m'dziko la Austria, ndipo m'caka ca 2021 onse awiri anafika ku England. Pa baseball pomwe, Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene amai ace anali wanchito pa bwalo la masewera ku Randburg, analembedwa ndi Pittsburgh Pirates m'caka ca 2008, nalowa m'magulu akuru m'caka ca 2017. Ndipo m'caka ca 2022 Dodgers inalemba anyamata a ku Uganda. Kodi nkwabwino, afunsa motero, kutsekera mwana wa mmphawi khomo lokhalo limene lamtsegukira?

Mau awa ngoona, ndipo munthu wonena kuti mpira ndi cibwana cabe alakwa. Luso la miyendo ndi mphatso monga luso la mmisiri wa matabwa, ndipo kulandira malipiro pa luso kulibe manyazi. Coipa cikhala pena.

CIMANGA CIKALI M'MUNDA

Alimi adziwa za munthu amene njala yamgwira mwezi wa February, nagulitsa cimanga cace cikali m'munda. Wogula ampatsa mtengo wocepa, ndipo ali ndi cifukwa: mvula ingaleke, dzombe lingagwe, anyani angalowe. Wogulayo alipira zocepa popeza wasenza tsoka lonse. Munda ukapsa, zotayika nzace. Malonda amenewa ngowawa, koma ali ndi cilungamo cace.

Pa malonda a anyamata cilungamo cimeneci cisoweka. Wogula alipira zocepa cifukwa mbeu siinakhwime, koma tsoka alisiya kwa mwini munda. Gulu lolemera lilemba anyamata ambiri pa mtengo wocepa, podziwa kuti mmodzi akapambana adzabweza zonse zimene linamwaza pa anzace. Cotero kulephera kwa ambiriwo sikuli ngozi yodzidzimutsa. Kunawerengedwa kale m'mabuku a gulu lisanawalembe. Gulu litaya ndalama pang'ono, zimene lidzazipezanso mawa. Mnyamata ataya zaka za pakati pa 12 ndi 19, zimene anzace anaphunzira nazo kuwerenga, kulima, kuumba njerwa kapena kukonza galimoto. Ndipo zaka zimenezo sizigulidwa pa msika uli wonse. Malonda amene mmodzi abetsa zocepa za m'thumba, mnzace nabetsa ubwana wace wonse, sali malonda a anthu olingana.

Caciwiri ndi ici: mwana sakhoza kubvomera cinthu cimene sacidziwa. Mnyamata wa zaka 14 akamva za ndege ndi za bwalo lodzala anthu, abvomera ciri conse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma woona nyererezo ndiye amene anatsegulapo nkhuyu zambiri. Makolo akale anazindikira ici, ndipo cifukwa cace ngakhale anthu akuru sakwatirana popanda ankhoswe. Nkhoswe ndiye munthu amene aima pakati tsiku la cikondwerero, naimanso pomwepo tsiku la mlandu. Sathawa zinthu zikabvuta. Koma munthu uja woyenda ndi pepala, amene alandira gawo lace pokhapokha dzina likalembedwa, sangakhale nkhoswe ya mwana, cinkana akhale wokoma mtima, pakuti phindu lace liri pa kulemba, ndipo tsiku la mlandu iye ali pa bwalo lina kuyang'ana mwana wina. Makolo omwe, akapanikizidwa ndi njala ndi mangawa, sali afulu kwenikweni. Akuru akale anasimba za masiku oipa pamene mwana anaperekedwa cikole pa mlandu kapena pa cakudya; mbumba inacita ici ndi misozi, ndipo inayembekeza kudzamuombola. Banja lokongola ndalama pa dzina la mwana wa zaka 13 lamuika cikole comweco, ndipo mwanayo asenza katundu amene sanammange ndiye. Akabvulala bondo, sangolira ndi ululu wa bondo. Aliranso poona kuti wagwetsa nyumba yonse.

Cacitatu: mtengo woikidwa pa ubwana ubala bodza. Pamene wa zaka 16 agulidwa kwambiri koposa wa zaka 19 wa luso lomwelo, anthu ayamba kukonza zikalata za kubadwa. M'caka ca 2006 gulu la Washington Nationals linalipira madola 1,400,000 kwa mnyamata amene anati ndiye Esmailyn González wa zaka 16. M'caka ca 2009 kunaululika kuti dzina lace linali lina, ndi kuti anali wamkuru ndi zaka zinai. Pa mpira wa miyendo bodza lomweli linacuruka kotero kuti m'caka ca 2009 FIFA inayamba kujambula mapfupa a pa mkono wa anyamata ndi makina a ku cipatala, kuti idziwe msinkhu wao. Bodza lotere silipangidwa ndi mwana yekha. Alikonza ndiwo akuru. Koma likaululika, dzina loipa ligwera mwanayo, amene anaphunzitsidwa ndi omlera kuti cakudya cace cicokera m'kukana tsiku limene amai ace anambala.

MUYESO WOYESERA

Tsono yankho nlotani? Luso la mnyamata likhoza kulipiridwa, ndipo womphunzitsa akhoza kulandira zace. Koma pangano liri lonse la pa mwana liyenera kuyesedwa ndi muyeso umodzi: kodi lidzamcitira ciani mwanayo ngati sapambana? Wopambana safuna womteteza; dziko lonse limuombera m'manja. Cilungamo ca sukulu ya mpira cioneka pa iwo amene inawabweza. Munthu wofuna kudziwa ubwino wa sukulu yotere asayang'ane zithunzi za pa khoma za awiri kapena atatu amene anafika ku Ulaya; afunse za makumi aja analowa nao pamodzi, kumene ali lero ndi cimene adya.

Nkhani ya Enock Mwepu ionetsa kuti ngakhale wofika pamwamba aima pa nthambi yoonda. M'mwezi wa October 2022, ali ndi zaka 24, madokotala anampeza ndi nthenda ya mtima yobadwa nayo, ndipo analeka mpira pomwepo. Gulu lace la Brighton silinamtaye. Linampatsa nchito yophunzitsa ana ang'ono. Cimene gulu lija linacitira munthu wochuka ndico ciyenera kucitidwa kwa wosachuka yemwe, monga mwa mphamvu ya gulu liri lonse. Malamulo a FIFA alamula kuti magulu amene analera wosewera paubwana wace alandireko ndalama iye akagulidwa ndi gulu la kunja, ndipo 5 pa 100 ali yense a mtengo wace agawidwa kwa iwo. Ici ncabwino; koma ndalamazo zitsata wopambana, ndipo zilowa m'thumba la gulu. Eni magulu a ku Kitwe ndi ku Ndola akazilandira, ayenera kukumbuka kuti wopambanayo ananoledwa ndi anzace amene anasewera naye tsiku ndi tsiku, ndi kuti gawo lina liyenera kulipira sukulu ndi maphunziro a nchito za manja a otsalawo.

MAU KWA MAKOLO NDI AMALUME

Kalata ikafika kumudzi yonena kuti mwana wa mlongo ku Kitwe wapeza munthu womtengera kunja, mwini mbumba asafulumire kukondwa, ndiponso asafulumire kukana. Safunsa anadya phula. Pali zinthu zinai zoyenera kufunsa.

Coyamba, kodi mwanayo adzapitiriza sukulu, ndipo adzalipira ndani? Sukulu ya mpira yoturutsa mwana m'kalasi yaonetsa kale mtima wace.

Caciwiri, kodi munthuyo adziwika ku bungwe la mpira la dziko, la FAZ, ndipo ali ndi cilolezo ca nchito yace? Pepala liwerengedwe ndi munthu wodziwa malamulo amene sadzalandirapo kanthu, ndipo banja lisunge lace. Lonjezo la pakamwa lisakongoledwepo ngakhale ngwee imodzi.

Cacitatu, kodi ndalama zicokera kuti? Gulu loona lofuna mnyamata lilipira lokha ulendo wace. Munthu wouza amai kuti agulitse nyumba kapena ng'ombe kuti mwana akwere ndege, ameneyo cimene afuna ndi nyumbayo ndi ng'ombezo. Ndipo wonena kuti akhoza kuturutsa mwana wosakwana zaka 18, kapena kuti adzakonza zaka zace pa cikalata, wadziulula yekha kuti ayenda mseri mwa lamulo.

Cacinai, kodi mwana akabvulala kapena akakanidwa, adzambweza ndani, ndipo adzabwera ndi ciani m'manja? Ngati mlendoyo akwiya ndi funso limeneli, banja ladziwa zonse zimene linafuna kudziwa.

Pali cinanso cimene ciri m'manja mwa abale okha. Machona ambiri a masiku a migodi sanakhalitse kunja cifukwa ca kukoma kwa kumeneko; anaopa kufika kwao cimanjamanja ndi kusekedwa. Anyamata a mpira okanidwa m'maiko a eni acita cimodzimodzi, nabisala ndi manyazi, osalemba kalata. Cifukwa cace mwana asanacoke, amve kwa amai ace ndi kwa malume ace, pamaso pa abale, kuti malo ace pa mphasa alipo, kaya abwere ndi cuma, kaya abwere ndi thumba lokha. Mnyamata wodziwa ici akhoza kukana pepala loipa, pakuti ali nako kobwerera. Ndipo wolemba anthu akapeza kuti kumbuyo kwa mwana kuli mbumba yofunsa mafunso, ayamba kulankhula mwaulemu ndi kulemba zoona.